Akaunti yopangira ma app ikakana kusinthika kukhala ya kampani

Opanga ma app ambiri amayamba ndi akaunti ya m'dzina lawo. Palibe chodabwitsa: Apple imalipiritsa madola 99 pachaka, Google madola 25 kamodzi kokha, ndipo munthu amalowa osafunsidwa mapepala a kampani. Zinthu zimadzasintha app ikakula. Mwina mwalembetsa kampani ndipo simukufunanso kuti dzina lanu lenileni lizioneka pansi pa app iliyonse. Mwina mwalemba anthu ntchito ndipo akulephera kufika pamene pali masatifiketi osainira app, chifukwa ku Apple akaunti ya munthu payekha imalola ena kulowa mu App Store Connect (tsamba loyendetsera ma app anu mu sitolo) mokha, osati m'gawo la "Certificates, Identifiers & Profiles". Kapenanso app yanu yabwezedwa chifukwa ndi ya zandalama, zaumoyo kapena VPN, zomwe masitolo onse awiri amafuna kuti zichokere ku bungwe lolembetsedwa. Ndiye mumatumiza pempho loti akaunti isinthidwe kukhala ya kampani, mumadikira, kenako pamabwera yankho lalifupi lokana, losanena bwinobwino chomwe chalakwika.

Kawirikawiri nkhani imagona pamalo amodzi. Dzina ndi adiresi ya kampani ziyenera kufanana ndendende m'malo atatu: pa satifiketi imene munalandira polembetsa kampani ku boma, m'kaundula wa Dun & Bradstreet (kampani imene imasunga zolembedwa za makampani ndi kuwapatsa nambala yowazindikirira yotchedwa D-U-N-S), ndi pa fomu imene mukudzaza ku Apple kapena ku Google. Apple ndi Google sakudziwani inu, amadalira zimene Dun & Bradstreet yalemba za kampani yanu. Kulimbana ndi fomu ya sitolo pamene cholakwika chili m'kaundula n'kungodzitayira nthawi, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona munthu akutumiza pempho lomwelo mobwerezabwereza asanatsegule n'komwe kaundulayo kuti aone zomwe zalembedwamo.

Akuti bungwe lanu si "legal entity"

Uthenga uwu umatuluka pa tsamba la Apple lofufuzira nambala ya D-U-N-S kapena pamene mukudzaza pempho. Pali zifukwa ziwiri, ndipo chimodzi chokha ndiye chili ndi mankhwala achangu.

Choyamba n'chakuti mwina mulibedi kampani ya mtundu umene Apple imavomera. Apple imafuna bungwe lotha kusaina mgwirizano m'dzina lake, losiyana ndi mwini wake pamaso pa lamulo. Dzina longochitira malonda, nthambi ya kampani ina, kapena bizinesi ya munthu mmodzi imene lamulo limaiona kuti iyo ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi, Apple sizilandira ngati bungwe. Wa bizinesi yotereyi amauzidwa kuti akhalebe pa akaunti ya munthu payekha, ngakhale atakhala ndi chiphaso cha malonda, nambala ya msonkho ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesiyo. Ngati muli m'gulu ili, kudandaula kwa Apple sikusintha kanthu. Njira ndi kulembetsa kampani yeniyeni motsata malamulo a dziko lanu, n'kuyambira pamenepo.

Chachiwiri n'chakuti kampani ilipo, koma Dun & Bradstreet inailemba molakwika kapena sinatsimikize kuti ndi ya mtundu wanji. Izi zimachitika kwambiri kwa amene anayamba ngati bizinesi ya munthu mmodzi, n'kupeza nambala nthawi imeneyo, kenako n'kudzalembetsa kampani. Kaundula amakhala akusungabe zakale. Tumizani satifiketi ya kampani ku Dun & Bradstreet, muwapemphe akonze mtundu wa bungwe, ndipo muwafunse ngati kampani yatsopanoyo ikuyenera kukhala ndi nambala yakeyake.

Nambala ya D-U-N-S: palibe, yachedwa, kapena sikudziwika

Nambalayi ili ndi madijiti 9 ndipo imaperekedwa kwaulere. Musanapemphe yatsopano, fufuzani kaye ngati kampani yanu ilibe kale, chifukwa Dun & Bradstreet imalemba makampani ambiri m'kaundula eni ake asanapemphe. Mukapempha ina pamene ilipo kale, mungathe kukhala ndi zolembedwa ziwiri za kampani imodzi, ina ya adiresi yakale ina yatsopano, ndipo kuzigwirizanitsa kumatenga nthawi kuposa kungokonza yoyambayo.

Pa nthawi yodikira, masitolo awiriwa amanena zosiyana. Apple imati mukapempha kudzera pa tsamba lake mudikire mpaka masiku 5 ogwira ntchito, ndipo nambala ikatuluka kapena zolembedwa zikakonzedwa muwonjezerepo mpaka masiku 2 ogwira ntchito kuti zifike kwa Apple. Google imachenjeza kuti ntchito yonse ingatenge mpaka masiku 30. Apple imanenanso poyera kuti kulipira kuti nambala ituluke msanga sikufupikitsa nthawi yodikira kumbali yawo, choncho wina akakuuzani kuti mulipire kuti zifulumire, ganizani kawiri. Milungu iwiri ikadutsa muli duu, lemberani Dun & Bradstreet, osati Apple.

Masiku awiri owonjezera aja ndi amene amasokoneza anthu. Imelo yobweretsa nambala imafika m'mawa, munthu n'kuthamangira ku Apple nthawi yomweyo, n'kuuzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Palibe chalakwika. Zolembedwazo sizinafike. Dikirani, musapemphe nambala ina.

Pamene mukudikira, foni ndi imelo zimene munapereka zizikhala zoyankhidwa. Woimira Dun & Bradstreet angathe kukuimbirani kapena kukulemberani kufunsa mtundu wa bizinesi ndi chiwerengero cha antchito, ndipo pempho limaima osayenda ngati sanakupezeni. Yang'ananinso m'bokosi la spam.

Nambala ikadziwika koma akuti zimene mwalemba sizikugwirizana, tengani satifiketi ya kampani muiike pambali pa zolembedwa za Dun & Bradstreet, muwerenge chilembo ndi chilembo. Tinthu tosaoneka ngati nkhani ndi timene timagwetsa pempho: "Limited" pamalo ena "Ltd" pamalo ena, kadontho kapena kampumiro kosowa, dzina lochitira malonda m'malo mwa dzina lolembetsedwa, nambala ya chipinda yoiwalika pa adiresi, adiresi ya ofesi imene munachokamo kalekale. Dziwaninso kuti Dun & Bradstreet imapereka nambala potsata malo, moti likulu ndi nthambi zimakhala ndi manambala osiyana. Yofunika ndi ya likulu. Ndipo dongosolo lokonzera ndi limodzi: satifiketi ya boma ndiyo mwini choonadi, kaundula akonzedwe kuti afanane nayo, fomu ya sitolo ikopere zimene zili m'kaundula. Musasinthe fomu kuti ifanane ndi cholakwika cha m'kaundula pofuna kuti mungodutsa, chifukwa akadzapempha mapepala kusiyanako kudzaonekera poyera, ndipo pamenepo mudzakhala ngati mwanena bodza.

Webusaiti ndi imelo zakanidwa

Apple imafuna webusaiti imene aliyense angatsegule, ya pa domain yogwirizana ndi kampaniyo. Tsamba la Facebook kapena Instagram silokwanira, ndipo tsamba lopanda kanthu, longonena kuti likumangidwa kapena longoonetsa uthenga wa kampani yogulitsa ma domain, nalonso amalikana. Sikuti pakufunika webusaiti yapamwamba. Masamba ochepa ofotokoza ntchito ya kampani, dzina lake lonse lolembetsedwa, adiresi ndi njira yokupezerani, n'zokwanira kuti wofufuza aone kuti zikugwirizana. Imelo ya ntchito ikhale ya pa domain yomweyo. Adiresi ya Gmail ikhoza kukhala yolowera mu akaunti, koma siitsimikizira aliyense kuti ndinu wa kampaniyo.

Google imafuna umboni woti webusaitiyo ndi yanu kudzera mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti. Chimene chimavuta apa n'chakuti nthawi zambiri webusaiti inalembetsedwa mu Search Console ndi munthu wina, mwina amene anaimanga, pa akaunti yake ya Google. Pempho lotsimikizira limapita kwa iyeyo, iye osadziwa kuti nchiyani, inu mukungodikira. M'funseni alivomereze, kapena akuwonjezereni ngati mwini.

Ku Apple: pempho lapita koma kuli zii

Wotumiza pempho ayenera kukhala mwini akauntiyo, ndiponso akhale woyambitsa kampaniyo kapena mmodzi mwa oyambitsa, wokhala ndi mphamvu zosainira mapangano m'dzina lake. Ngati akaunti ili m'dzina la mnzanu amene analemba app koma dzina lake mulibe m'mapepala a kampani, njira yosintha mtundu wa akaunti siyanu. Pitani pa gawo lomaliza, la kusamutsa app.

Pempho limatumizidwa kuchokera pa tsamba la umembala wanu pa developer.apple.com kapena kudzera ku Apple Developer Support. Apple ikhoza kukuimbirani foni kuti itsimikize, ndipo ikhoza kupempha mapepala a kampani ndi chitupa chanu. Foni yochokera ku nambala yachilendo yakunja anthu ambiri saiyankha, ena foni yawo imaikana yokha, ndipo pempho limangokhala pamenepo. Masiku angapo akadutsa, lowani pa tsamba la chithandizo, mupereke nambala ya nkhani yanu imene inabwera pa imelo yoyamba, mupemphe kuti akuimbireni. Osatsegula nkhani yatsopano tsiku lililonse, chifukwa iliyonse imagwera munthu wina amene ayambanso kufunsa kuchokera pachiyambi.

Pali chinthu china chimene chimadzidzimutsa ngati simunachiyembekezere. Pamene kusinthako kuli m'kati, gawo la masatifiketi ndi ma profile limatsekedwa kwa kanthawi. Ma app amene ali kale mu sitolo amapitiriza kugwira ntchito ndi kutsitsidwa, koma simungapange satifiketi yatsopano kapena kulembetsa foni yoyesera. Ndiye musayambe ntchitoyi sabata yomwe mukufuna kutulutsa app yatsopano, kapena pamene satifiketi ya push notification yatsala pang'ono kutha. Zikonzeni kaye. Onaninso tsiku limene umembala wanu ukutha, chifukwa ukatha osalipira, ma app anu amachotsedwa pamalonda mpaka mutalipiranso, kaya pempho lili m'njira kaya ayi.

Ubwino wa njira iyi, ndipo n'chifukwa chake ndimailimbikitsa kwa aliyense amene angakwanitse, n'woti akaunti imakhala yomweyo. Team ID (nambala yozindikirira akaunti yanu ku Apple) siisintha, ma app sasuntha, ndemanga ndi nyenyezi za ogwiritsa ntchito zimakhala pomwepo, ndipo palibe amene amatulutsidwa mu app chifukwa cha zimene mwachita.

Zatheka, koma ndalama zaima kapena dzina lakale likuonekabe

Kuvomerezedwa si kumaliza. Mapangano amene munasaina ngati munthu payekha tsopano ayenera kukhala a kampani. Lowani mu App Store Connect, gawo la Business, muone ngati Paid Apps Agreement (mgwirizano wokulolani kugulitsa ndi kulandira ndalama) ikugwira ntchito. Ikakhala kuti ikudikira kanthu, malipiro anu amaima, ndipo zogula za m'kati mwa app zikhoza kuvuta. Mafomu a msonkho wa ku America nawonso amasiyana: munthu wa kunja kwa United States amadzaza W-8BEN, pamene kampani ya kunja imadzaza W-8BEN-E. Ngati fomu yakale siikulola kusintha, pemphani Apple ikutsegulireni yatsopano. Akaunti ya kubanki ikhale ya m'dzina la kampani. Kupitiriza kulandirira mu akaunti yanu ndalama zimene pamapepala ndi za kampani kumadzabweretsa mavuto kubanki ndi kwa okhometsa msonkho.

Pa tsamba la app pamaoneka mayina awiri. Dzina la wogulitsa limatsata dzina lolembetsedwa la kampani, ndipo lingatenge kanthawi kuti lisinthe paliponse. Dzina la wopanga, lomwe limaoneka pansi pa dzina la app, silisinthidwa ndi inu nokha pa akaunti imene inatulutsapo kale app, choncho likakhalabe lakale lemberani a chithandizo. Mzere wa copyright ndi malamulo a chinsinsi a app yanu, amenewo mukonze nokha potulutsa app yotsatira. Masatifiketi akale amakhala ndi dzina lanu mpaka mutapanga atsopano. Musawafafanize mothamanga pofuna kungochotsa dzina.

Ngati ma app anu amapezeka m'mayiko a European Union, onaninso za "trader status". Kuyambira pa 17 February 2025 Apple imachotsa m'masitolo a kumeneko ma app amene eni ake sananene ngati ndi amalonda kapena ayi, ndipo adiresi, foni ndi imelo za wamalonda zimaoneka poyera. Kwa kampani, adiresiyo imachokera ku D-U-N-S komwe kuja.

Ku Google Play: payments profile ndiye mwini nkhani

Kuyambira pa 31 August 2023 akaunti zatsopano za mabungwe ku Google Play zimafuna nambala ya D-U-N-S. Kale wofuna kuchoka pa akaunti ya munthu payekha ankayenera kutsegula akaunti ina n'kusamutsa ma app, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti akunenabe choncho. Masiku ano Play Console, tsamba loyendetsera akaunti yanu ku Google Play, ili ndi njira yosinthira mtundu wa akaunti, m'gawo la "Developer account", pansi pa "About you". Ngati simukuiona, onani zinthu ziwiri: kodi mwalowa ndi akaunti ya mwini weniweni, osati ya admin, ndipo kodi webusaiti ya kampani yatsimikizidwa kale?

Chimene chimakola anthu apa ndi payments profile, pamene Google imasungapo dzina, adiresi ndi za malipiro za mwini akaunti. Imene munatsegula ngati munthu payekha singasandulike ya bungwe, ndipo dziko lake silisinthika. Pamafunika yatsopano, ya mtundu wa bungwe, yokhala ndi dzina ndi adiresi zofanana ndi za ku Dun & Bradstreet. Ambiri amalowa mu profile yakale, n'kufufuta dzina lawo, n'kulembapo la kampani, n'kuganiza kuti zatha. Mtundu wake umakhalabe wa munthu payekha, ndipo tsopano dzinalo silikugwirizananso ndi chitupa chimene anatsimikiza nacho poyamba. Pamenepo vuto limodzi labereka lachiwiri. Ngati mwachita kale zimenezi, bwezerani dzina lanu m'profile yakaleyo, ndipo yatsopano muipange mkati mwa njira yosinthira akaunti.

Google imapempha mapepala a kampani ndi chitupa cha munthu woimira kampaniyo. Zithunzi zosaoneka bwino, zodulidwa m'mbali, kapena mapepala otha nthawi zimabwezedwa. Foni ndi imelo zimatsimikizidwa ndi manambala achinsinsi otumizidwa nthawi yomweyo. Konzekeraninso kuti dzina la kampani, adiresi, foni ndi imelo ya wopanga zidzaoneka kwa aliyense pa Google Play. Ngati kampani inalembetsedwa pa adiresi ya nyumba yanu, nyumba yanuyo ndi imene idzaoneke, choncho ngati simukufuna, sinthani adiresi ku boma ndi ku Dun & Bradstreet musanayambe. Kusinthaku n'kopita mbali imodzi: akaunti ya bungwe siibwereranso kukhala ya munthu payekha. Ngati amene anagula kapena kulembetsa mu app amakulipirani kudzera ku Google, tsitsani malipoti a ndalama a profile yakale, ndipo muikenso zakubanki ndi zamsonkho pa yatsopano. Zikatha, lolani padutse masiku angapo musanatumizenso app imene inakanidwa chifukwa cha mtundu wa akaunti, kuti makina owunika ayambe kukuonani ngati bungwe.

Mawu amodzi kwa amene akufuna akaunti ya bungwe pothawa lamulo la oyesera. Akaunti za anthu paokha zotsegulidwa pambuyo pa 13 November 2023 ziyenera kuyesa app ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana isanatuluke kwa onse. Lamuloli n'lotopetsa, ndikudziwa. Koma kubwereka nambala ya D-U-N-S ya kampani ya wina kapena kupereka mapepala abodza kungatseketse akaunti, ndipo Google ikatseka imayang'ananso akaunti zina zogwirizana nayo. Kupeza anthu 12 n'kopepuka kuposa kutaya ntchito ya zaka.

Pamene kusintha sikutheka: akaunti yatsopano ndi kusamutsa app

Ngati mwini akaunti si woyambitsa kampani, kapena akufuna kusunga ma app ena m'dzina lake, kampani itsegule akaunti yakeyake, ilipire payokha, ndipo app isamutsidwe. Ndemanga, nyenyezi ndi ogwiritsa ntchito zimapita limodzi ndi app, ndipo anthu amapitiriza kulandira zokonzedwa zatsopano. Koma kuli ngati kusamuka nyumba: katundu amafika, makiyi a zitseko ndi ena.

Ku Apple app iyenera kukhala itatulukapo mu App Store kamodzi, akaunti zonse ziwiri zikhale zitavomereza mapangano atsopano, kuyesa kwa TestFlight (njira ya Apple yopatsira oyesera app isanatuluke) kuimitsidwe, ndipo wolandira avomereze pasanathe masiku 60. Ngati batani losamutsira likukana, App Store Connect imaonetsa mndandanda wa zofunika ndi chimene sichinakwaniritsidwe. Werengani pamenepo musanalembere aliyense. Popeza Team ID imasintha, zimene app inasunga mu keychain (mosungira zachinsinsi pa foni) sizifikirikanso mukatulutsa app yoyamba kuchokera ku akaunti yatsopano, kutanthauza kuti anthu angafunike kulowanso ndi mawu awo achinsinsi. Auzeni nthawi ikadalipo. Ngati mumagwiritsa ntchito Sign in with Apple, apa ndiye pofunika kusamala kwambiri: nambala yozindikirira munthu aliyense imadalira Team ID, choncho muyenera kupanga ma transfer identifier (manambala osamutsira) a ogwiritsa ntchito anu ndi kuwasinthanitsa kumbali yatsopano m'masiku 60. Mukalumpha sitepe imeneyi, anthu akale amalowa n'kupeza akaunti yopanda kanthu ngati ndi alendo. Makiyi a push notification nawonso apangidwe mu akaunti yatsopano n'kuikidwa pa seva. Ndipo ngati munali mu App Store Small Business Program, imene imatsitsa gawo la Apple kufika pa 15 peresenti, akaunti yatsopano iyenera kulembetsa payokha, apo ayi muzidulidwa 30 peresenti osazindikira msanga.

Ku Google pempho losamutsa limafuna nambala ya risiti ya madola 25 aja, ya akaunti zonse ziwiri. Anthu amaisowa chifukwa analipira zaka zapitazo. Fufuzani mu imelo ya mwini akaunti, kapena m'mbiri ya malipiro pa payments.google.com mutalowa ndi akaunti imene inalipira. App ikakhala yogulitsa kapena ili ndi zogula za m'kati, akaunti yolandira ikhale ndi payments profile yolandirira ndalama. Kiyi yosungidwa mu Play App Signing imapita ndi app, koma upload key, kiyi yosainira app poitumiza ku Google, ili m'manja mwa amene ankatumiza app, choncho ilandireni kwa iye, kapena mupemphe Google ikulolereni yatsopano. Firebase, AdMob ndi Google Analytics sizitsata zokha, zimafuna kuti mupereke chilolezo kwa akaunti yatsopano ndi kulumikizanso. Malipoti a ndalama ndi maoda akale amatsala mu akaunti yakale, ndipo wogula wakale akafuna kubwezeredwa ndalama mudzafunika kulowa kumeneko, choncho musaitseke mpaka mutatsitsa malipoti onse ndipo malipiro omaliza atalowa kubanki.